Tinasambitsa Mlamba wa Apongozi

Amuna anga, a Gershom Njobvu, ndi munthu amene angathe kukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika paliwombo akuyang'ana mwala. Sindikunena mwala wamtengo wapatali ayi. Ndikunena kasupe wakale wa pabwalo la tchalitchi chathu, kuseri kwa Mpanshya, amene anauma ine ndili ndi pakati pa mwana wathu Thandizo, ndipo Thandizoyo lero ali ndi ana ake awiri ku Lusaka.

Anamanga kasupeyo ndi apongozi anga aamuna, amene anali mmisiri wa miyala. Bulazala wina wachizungu wa pamishoni anawajambulira papepala nsomba ya kunyanja yaikulu ya kwawo, kuti aiseme pamwala, madzi a m'paipi yochokera kuphiri azitulukira kukamwa kwake n'kugwera m'beseni lalikulu lamiyala. Apongozi anayang'ana pepalalo, navomera mwaulemu, n'kusema mlamba. Ndi nsomba yokhayo imene ankaidziwa bwino, ndipo ndevu zake anaikapo zonse. Akuti Bulazala uja anaseka mpaka kukhala pansi, nalamula kuti usiyidwe momwemo.

Paipi itawola madzi anasiya. Mlamba unangokhala kukamwa yasa, kudikira mvula. Beseni linachita ming'alu, ndere zinamera mbali zonse, zakuda, zobiriwira, zina zachikasu ngati zipere, ndipo kamtengo ka kachere kanatulukira pamng'alu wina n'kumakula ngati kali kwawo. Mbuzi zinkagonamo masana. Ife madzi tinkatunga pamjigo, kasupeyo tinkangomulambalala.

A Gershom atapuma pantchito yauphunzitsi, Thandizo anawabweretsera kabokosi kachitsulo kokhala ndi timibulu ta utoto tonga mabatani a jekete, timabulashi titatu ndi mapepala okhuthala. Utoto wake ndi wosungunula ndi madzi. Anauphunzira kalekale kwa sisitere wina ali mnyamata, ndiye manja anangokumbukira. Ine ndinakondwera. Ndinati mwamuna wopuma ntchito akasowa chochita amayamba kuwerenga nkhuku ndi kufunsa za mchere, bola apeze chomutangwanitsa. Sindinadziwe kuti ndalowetsa mkazi mnzanga m'nyumba.

Zaka zinayi zathunthu anajambula chinthu chimodzimodzi. Kasupe m'mawa, kasupe mvula itakata, kasupe m'fumbi la Okutobala, mutu wokha wa mlamba, mlomo wokha wa beseni, ndevu imodzi imene inathyoka. Mapepala anapitirira makumi anayi. Makapu anga a alendo anasanduka mochapira mabulashi, moti tsiku lina ndinatsala pang'ono kupatsa a Phinias, akatekisiti athu, madzi obiriwira. Ndipo zithunzizo, ndinene zoona, sizinkandigwira mtima. Zinali zotumbuluka ngati chitenje chochapidwa zaka khumi. Pena ankasiya pepala loyera osapakapo kanthu, ine n'kumati utoto wawathera. Pa Rufunsa pali munthu wojambula pamakoma a mabala ndi mometera tsitsi. Ameneyo akajambula tambala, tambalayo umamuona uli m'basi, ndipo ndi amene ine ndinkati wojambula. Ndikawauza a Gershom zimenezi ankangomwetulira n'kunena kuti ndibwere pafupi ndiyang'ane bwino. Ine ndinkayankha kuti ndili ndi mphika pamoto.

Vuto linayamba chaka chatha mu Meyi. A Festus, tcheyamani wa komiti ya tchalitchi, anaimirira Misa itatha n'kulengeza kuti komiti yagwirizana zogwetsa kasupe kuti pamalopo amangepo shedi ya njinga. Mfundo anali nayo, tisawanamizire. Akhristu ambiri amabwera panjinga kuchokera kutali, ena mbali ya ku Shikabeta, ndipo matayala ankaphulika ndi dzuwa, mbuzi n'kumatafuna zishalo. Anati ntchito iyamba tikangomaliza kukolola. A Gershom anaimirira kuti ayankhe, koma iwo nkhani iliyonse amaiyambira mu 1954, ndipo asanafike 1960 anthu anali atayamba kutuluka.

Masiku otsatirawo sankadya bwino, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Atate awo anakafera kwawo ku Petauke, kumene ife sitinapiteko zaka zambiri. Sanasiye nyumba, sanasiye ngakhale chithunzi cha nkhope yawo. Anasiya mlamba, ndipo amuna anga akapita pabwalo paja ankakhala ngati akukacheza ndi atate awo.

Anatipulumutsa ndi Thandizo, kapena tinkaganiza choncho. Anali atajambula mapepala a atate ake pafoni, naonetsa mayi wina wopemphera naye, a Rachael Hamoonga, amene amagwira ntchito ku ofesi yoyang'anira zinthu zakale. Akuti mayiyo ataona, tiyi wake anazizira ali m'manja. Anati abwera yekha kudzaona kasupeyo, ndipo akamupeza ali monga akuonekera pamapepala amulemba m'buku la zinthu zosaloledwa kugwetsa, ndiye ngakhale komiti siingamukhudze. A Festus anavomera kudikira, pakuti munthu wa ku Lusaka sakanidwa. A Gershom anakwera minibasi Lachiwiri, mapepala awo onse ali m'katoni, kuti akamuonetse maso ndi maso, n'kubwerera naye limodzi Loweruka.

Nditawaperekeza ndinadzera pa kasupe, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuyang'ana ndi maso a mlendo. Ine Estina ndinali wapampando wa amayi osesa tchalitchi zaka khumi ndi ziwiri. Kwathu kuno mlendo akamabwera, kaya ndi ambuye bishopu, kaya ndi oyendera sukulu, timasesa bwalo mpaka nyerere zisowe chonyamula, timandanda miyala m'mbali mwa njira n'kuipaka laimu, mitengo timaiveka masokosi oyera mpaka m'mawondo. Mlendo ndi mame, sachedwa kuchoka, koma zimene waona amapita nazo. Ndiye mayi wa mu ofesi achoke ku Lusaka, mtunda wonsewo, adzapeze zitosi za mbuzi ndi ndere? Angalembe m'buku la boma chinthu chonyansa chotere? Ndinaganiza kuti a Gershom, ndi chilungamo chawo chauphunzitsi chija, ajambula ming'alu yonse ndi litsiro lonse, ndipo mayiyo akubwera mwachisoni kudzaona ngati chinthucho chingakonzeke. Mwana wamkazi sumupereka kwa apongozi ake asanasambe. Ndinatsimikiza mtima kuti amuna anga ndiwathandiza, ndipo ndiwathandiza osawauza, kuti akadzafika adzadabwe.

Lachitatu m'mawa tinasonkhana amayi khumi ndi anayi, ndi mabulashi awaya, mchenga, phulusa ndi sopo waufa. A Phinias, podzatitsegulira mosungira ndowa, anafunsa motsitsa mawu ngati a Gershom akudziwa za ntchitoyi. Ndinawafunsa ngati iwo amapempha chilolezo kwa akazi awo asanasambe, ndipo amayi onse anaseka mpaka akatekisiti anabwerera chafutambuyo. Linali funso lanzeru lokhalo limene linafunsidwa sabata yonseyo, ndipo ndinalipha ndine.

Ndere za zaka makumimakumi si zamasewera. Zinakakamira pamwala ngati nkhupakupa, koma ifenso ndife amayi amene timakwecha mapoto a pamaliro. Tinayambitsa nyimbo, tinakwecha. Mayi Justina, wachiwiri wanga, anazula kachere uja ndi khasu, mizu yake n'kutuluka ndi miyala iwiri. Pofika Lachinayi masana mlamba unali mbuu ngati wodwala, ndipo ming'alu imene ndere zinkabisa inaonekera yonse.

Apa mpamene a Festus anatulukira panjinga yamoto. Ndinkayesa atiseka, poti ndi iwo ankafuna kugwetsa chinthucho. Koma a Festus ali ndi nthenda imodzi: sangaone ntchito ikuyenda bwino popanda dzina lawo. Anazungulira kasupe kawiri, manja kumbuyo.

"Ba Estina, mwayesa, koma iyi ni hafu nchito," anatero. "Mlendo akabwela azafunsa ati tcheyamani nindani pano. Siningalole anione monga munthu wamene alibe plani."

Madzulo omwewo anabwera ndi simenti kuchokera kusitolo kwawo kwa zomangira pa Rufunsa, namata ming'alu yonse. Mlomo wa beseni, umene unali wokumbikakumbika, anausalaza bwinobwino ngati sitepe ya banki, ine nditawagwirira thabwa. Pa ndevu yothyoka anaikapo sipoko ya njinga. Lachisanu anabweretsa zitini za penti wamafuta. M'kati mwa beseni anapakamo wabuluu, kuti ngakhale mopanda madzi muzioneka madzi, kunja woyera. Mlamba anaupaka siliva wa pamalata, milomo yofiira, maso awiri akuda okhala ndi nsidze zomwe. Penti wofiira atatsalako anaona kuti kumutaya n'kuchimwa, ndiye analemba TAKULANDIRANI kuzungulira beseni. Malo anawathera, moti zilembo ziwiri zomaliza zinakwera pamchira wa nsomba.

Ndisabise, ine ndinaona kukongola. Ndinaima patali manja m'chiuno n'kunena mumtima kuti tsopano mlamba uwu ungauone uli m'basi. A Gershom anaimba foni dzuwa likupendeka, kufunsa ngati mbuzi sizinathyole kachere. Ndinawauza kuti mbuzi sizinakhudze chilichonse, ndipo pamenepo sindinaname.

A Festus sanathere pomwepo. Anati kasupe wopanda madzi ndi chipongwe kwa mlendo. Anaika mgolo pachulu cha kuseri kwa mpanda, nalumikiza paipi yothirira dimba mpaka kumchira kwa mlamba, n'kuikwirira ndi mchenga. A Phinias anapatsidwa udindo wokhala pachulupo atapinda paipi m'manja, kuti akamva kwaya yayamba aiwongole, n'kumadzaza mgolo ndi ndowa.

Loweruka cha m'ma leveni galimoto yoyera inatulukira. Kwaya inayamba, ife amayi tinaimba nthungululu titavala chitenje chofanana, a Phinias anawongola paipi. Mlamba unatsokomola kawiri, unalavula kachule, kenako madzi anatuluka, oyamba oyera, otsatira otuwira siliva pakuti penti wam'kamwa anali asanaume. Anthu anaomba m'manja.

A Rachael anatsika, mayi wamfupi wa magalasi ndi nsapato zafulati, katoni ya mapepala ili m'manja. Anapereka moni kwa aliyense mwaulemu, anayamikira kwaya, anayang'ana chinthu chabuluu chija pang'ono chabe, n'kuponya maso kuseri kwa tchalitchi.

"Zikomo maningi. Manje tiyeni munipeleke ku faunteni yakale ija," anatero.

Kwaya inalowa vesi lachiwiri mawu akucheperachepera. A Gershom anali atatsikira mbali ina ya galimoto. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa kasupe, anawerenga TAKULANDIRANI yense mpaka kumchira, kenako anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa monga amachitira pamanda. Sanandiyang'ane. Pamenepo ndinadziwa, ndisanamvetse n'komwe chifukwa chake, kuti ndalakwa kwambiri.

A Festus, amene sadziwa kuwerenga nkhope ya munthu, anayamba kufotokoza ntchito yonse kuyambira pa simenti mpaka pa nsidze. A Rachael anamvetsera mpaka kumapeto. Anagwada, anakanda simenti ndi chikhadabo, anagwira mlamba pamutu, chala n'kubwerako chasiliva. Kenako anafunsa amene anachotsa ndere. Amayi khumi ndi atatu anayang'ana ine, ndipo Mayi Justina anachita kuloza ndi mlomo.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndipo kukanakhala kwabwino. Koma mayiyo anangondigwira dzanja n'kupempha kuti tilowe m'tchalitchi. Anayala mapepala a amuna anga pamabenchi, limodzilimodzi, kuyambira kutsogolo mpaka benchi lachisanu ndi chimodzi, nandiuza kuti ndiyandikire. Ulendo uno mphika pamoto ndinalibe.

Anayamba ndi pepala la mutu wa mlamba. Anati ndione timizere tating'ono pansi pa diso, pomwe tchizulo inkadula, ndipo mmene tapendekeramu tikuonetsa kuti wosemayo anali wamanzere. Apongozi analidi amanzere, ngakhale khasu ankaligwira ndi dzanja lamanzere, koma mayiyu sanawaonepo, anangoziwerenga papepala. Pa ndere, pomwe ine ndinkangoona zobiriwira basi, anandiwerengera mitundu isanu ndi umodzi, wina pamwamba pa unzake. Anati utoto wamadzi sulola kubwerera m'mbuyo. Ukalakwitsa sungapake wina pamwamba n'kubisa, ndiye wojambula amayamba waonetsetsa, napaka pang'ono, n'kudikira kuti paume asanawonjezere. Kudikira kumeneko n'kumene kunkasunga amuna anga pampando mpaka masana, ine n'kumati akuwodzera. Za malo oyera aja, amene ndinkati utoto unatha, anangondiuza kuti ndibwerere m'mbuyo masitepe atatu. Ndinabwerera. Anali madzi a mvula m'beseni, dzuwa likuwalamo, moti ndinachita kuphethira.

Kenako anandiimika pa pepala la mlomo wa beseni.

"Amai, ichi ndiye chamene nabwelela," anatero. "Onani apa pokumbika. Mwala siukumbika weka. Izi ni ndowa na mitsuko ya azimai, zaka na zaka, pamalo yamodzi. Simenti siingapange ivi."

Ndinapazindikira. Panali kumanja kwa mlamba, pomwe madzi sankakuwazira. Ndili mtengwa watsopano apongozi aakazi anandionetsa pamenepo, nati ndiziika ndowa apa ndisanasenze, ndipo ndinaikapo ndowa yanga m'mawa uliwonse zaka khumi. Pamenepo mpamene tinkanong'onezana za mimba ndi za amuna oledzera, ndipo ambiri mwa amayi amene ndinkatunga nawo ali kumanda. Ndi pomwepo pamene ndinagwirira thabwa a Festus akuthira simenti. Misozi inangotuluka, ine amene sindilira ngakhale ndi anyezi. Ndinachita manyazi, ndinakwiyanso, ndipo womukwiyira panalibe wina koma ine ndemwe.

A Rachael sanabise. Anatiuza tonse pabwalo kuti monga kasupe alili tsopano sangamulembe m'buku, pakuti zimene zinkaonetsa ukale wake tazikwecha ndi kuzimata, ndipo penti wamafuta akalowa mumwala wofewa chotere, mankhwala omuchotsera amadyanso mwalawo. A Festus zinawakhudza, koma ndi munthu wosatha plani.

"Ngati mufuna ioneke yakale, nili na penti ya bulauni ku shopu," anatero. "Teti minitsi chabe."

Mayiyo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenako anati kasupe weniweni tsopano watsala pamapepala, napempha a Gershom kuti amulole atenge mapepalawo akawaonetse kwa anthu ku Lusaka. A Gershom anavomera ndi mutu. Nkhuku imene tinaphika mlendo anadya, pakuti anali munthu waulemu, ndipo anachoka. A Phinias tinawaiwala pachulu. Anatsika cha m'ma thuu, thukuta lili kamukamu, kudzafunsa ngati apitirize kuthira.

Mawa lake ndinalowa m'tchalitchi. Buku lakanika, ndiye chotsatira ndi nyundo, ndipo nyundoyo ndinali nditaisula ndine. Misa itatha a Festus anaimirira, ine n'kutseka maso.

"Akhristu anzanga, nkhani ya shedi tasintha," anatero. "Ija faunteni manje ni yooneka. Bantu bayamba kale kukopesa mafoto. Wamene azaigwila na hamala ayambe wagwesa ine."

Anthu anaomba m'manja. Shedi ya njinga inakamangidwa kuseri kwa holo, pomwe inkayenera kukhala poyamba pomwe. Kasupe anapulumuka. Maukwati atatu ajambulitsirapo kale, ndipo mkwatibwi wina anachokapo deresi lili ndi buluu kumbuyo. Onse ankandiyamikira. Ena ankati amayi Njobvu ndi amene anapulumutsa kasupe wa apongozi awo, ine ndikamva choncho ndinkangozyolika.

A Gershom sanandikalipire. Ndikanakonda akanaswa mbale. Ankathokoza chakudya chilichonse, ankati ndinali ndi cholinga chabwino, ndipo mawu amenewo ankandibaya kuposa kutukwana. Kabokosi ka utoto anakaika pamwamba pa kabati. Popita kutchalitchi anayamba kudzera njira ya kuseri, yodutsa kuzimbudzi, kuti asaone bwalo. Masana ankakhala pakhonde manja ali pamawondo, ndipo tsiku lina ndinawamva akuwerenga nkhuku. Miyezi inayi inatha choncho, munthu akufota ine ndikuona.

Tsiku lina ndikukwecha pansi pa mtsuko wa madzi akumwa, pomwe pamachita zobiriwira sabata iliyonse, ndinasiya bulashi n'kukhala pansi. Moyo wanga wonse ndalimbana ndi ndere, ndipo mdani wako umadziwa zimene amakonda. Zimafuna chinyezi ndi pamalo pokhakhala poti zigwire. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala ndinapita kumtsinje, ndinapala ndere pamiyala, ndinazisakaniza m'ndowa ndi matope ndi ndowe pang'ono. M'mawa uliwonse, anthu ali kumunda, ndinkanyamuka ndi tsache kuti azinena kuti ndikukasesa. Ndikafika ndinkakhula penti ndi mwala, pang'onopang'ono, n'kupakapo matope anga.

Anayamba kundigwira ndi Mayi Justina. Anandipeza ndikupaka ndowe pamsana pa mlamba, anayang'ana ine, anayang'ana tsache, n'kubwerera. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti wapampando wa osesa mutu wasokonekera. Lamulungu lotsatira dzina langa linatchulidwa m'mapemphero a odwala, ndipo mpando wanga unapita kwa Mayi Justina, amene anaulandira ndi nkhope yachisoni ndi manja onse awiri. A Festus anabwera ndi katini ka penti kudzapaka pomwe ndinakhula. Ndinaima pakati pa iwo ndi mlamba, mwala uli m'manja. Nkhope sadziwa kuwerenga, koma mwala anauwerenga, ndipo anakumbukira kuti ali ndi ntchito ina pa Rufunsa.

Sabata yachitatu, ndili chogwada ndikuthira madzi amatope mbali yoyang'ana kumsewu, ndinaona mthunzi wa chipewa pabeseni. A Gershom anali ataima kumbuyo kwanga, koyamba kuponda pabwalopo chichokere mlendo uja. Anayang'ana nthawi yaitali siliva wokalikakalika, zilembo zofiira zotsala theka, ndowe pamchira. Chinthucho chinkaoneka moipa kuposa kale lonse.

"Amake Thandizo, muchita chiyani apa?"

"Nibweza zimene ninachotsa."

Ndinayesa andiuza kuti madzi akatayika saoleka, pakuti ndi mphunzitsi ndipo miyambi ali nayo yambiri. Koma anazungulira kasupe mpaka mbali ya kum'mwera, nagwada movutikira, mawondo akulira, n'kugwira pansi pa mimba ya mlamba.

"Muthira kolakwika," anatero. "Uko dzuwa liwomba tsiku lonse, zizapsa. Zinayambira apa pamthunzi. Zakuda poyamba, zobiriwira zibwera pambuyo. Zachikasu ndiye zomaliza."

Ndinafunsa kuti zachikasuzo zimatenga nthawi yaitali bwanji. Anati mwina zaka makumi awiri. A Gershom ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu, ndipo tonse awiri kusukulu tinapitako.

"Zachikasuzo ine sinizaziona," anatero.

"Ndiye musanichedwetse na nkhani. Gwirani ndowa."

Anaigwira. Matope ena anatayikira pansapato zawo zopitira kutchalitchi, ndipo ine, kwa nthawi yoyamba m'banja lathu, sindinawadzudzule. Anathira pang'onopang'ono pansi pa mimba ya mlamba, akusalaza ndi zala kuti matope alowe pomwe ndinakhula. Ndowa itatha anaigwedeza, nandifunsa ngati kumtsinje kukadali ndere zina.